Onse Ankati Ndikudziwa

Abale anga owerenga, dzina langa lenileni sindikuuzani, ndipo musavutike kulifufuza. Kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ana ndi aphunzitsi omwe amanditcha Mayi Chitseko, ndiye nanunso nditcheni lomwelo. Nkhaniyi ndaimeza nthawi yaitali mpaka yayamba kundiwotcha pachifuwa. Lero ndilavule, mundiweruze mmene mungafunire.

1

Dzina loti Mayi Chitseko linabwera chonchi. Ahedi atandisankha kuti ndikhale mphunzitsi woona za chitetezo cha ana pasukulu pathu, chinthu choyamba chomwe ndinachita n'kubwereka wilibala. Ndinatolera njerwa kuseri kwa zimbudzi, n'kuzungulira sukulu yonse kuika njerwa imodzi pachitseko chilichonse: makalasi, mosungira mabuku, chipinda cha aphunzitsi, ngakhale ofesi ya ahedi imene. Lamulo linali lakuti ana akakhala pasukulu, palibe chitseko chotseka. Munthu wamkulu asadzitsekere ndi mwana, kaya ali ndi imvi, kaya amapemphera mpaka kulira.

Malamulo ena ndinkawanena m'chipinda cha aphunzitsi mpaka anzanga anawaloweza ngati nyimbo. Mwana akakhala ndi bala lokayikitsa, aliwone akuluakulu awiri, osati mmodzi. Akayamba kukuuza zakukhosi, usamulonjeze kuti sukauza munthu. Usathamangire kukafunsa amene ukumuganizira. Ndipo chilichonse chimene waona, chaching'ono chotani, chibwere kwa ine.

Ndinali wolusa, sindikana. Bambo wina wogulitsa masiwiti kumpanda, amene ankakonda kuitana atsikana okhaokha, ndinamuthamangitsa mpaka anaiwala nsapato. Mphunzitsi mnzathu amene ankatuma ana kukasesa kunyumba kwake ndinamuyalutsa pamaso pa ahedi, mpaka lero moni wake ndi wa m'mphuno. Makolo akandiona pageti ankatsinana, amvekere, "Ndi amenewo, sasekerera zopusa." Ine kumva zimenezo mapewa ankakwera.

Koma pasukulu yonseyo panali mwana mmodzi yemwe maso anga ankamulambalala. Anali wa kalasi yachitatu, wamfupi, wamaso akuluakulu, mwana wa achemwali anga. Anzake ankamutcha Kamanzere chifukwa ankalemba ndi dzanja lamanzere, monga momwe inenso ndimalembera pabolodi. Tsiku lomwe anayamba sukulu ndinaimirira pakati pa aphunzitsi anzanga n'kulengeza.

"Pano ine ndilibe m'bale. Munthu asadzabwere kwa ine ndi za mwana ameneyu ngati kuti ndine mayi ake aang'ono. Za kunyumba zimathera pageti."

Anzanga anagwedeza mitu, ena mpaka kuyamikira kuti ndilibe tsankho. Tikakumana pakhonde, mwanayo ankapinda bondo n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" Ine ndinkayankha maso ali pa mabuku omwe ndanyamula. Chifukwa chake chenicheni ndinkachidziwa ndekha.

2

Tsiku limenelo kunatentha moti malata ankachita kulira. Nthawi yopuma itangotha, wina anagogoda pachitseko cha kaofesi kanga, chotsegula kale. Anali mphunzitsi watsopano wa zamasewera, mtsikana wongochoka kumene kukoleji. Ana anali atamupatsa kale dzina loti Madamu Wezulo, poti wezulo sinkachoka pakhosi pake.

"Madamu, pepani, mwina ndikukuza nkhani," anayamba choncho, akupotokola chingwe cha wezuloyo.

"Nenani. Kukuza ndi kuchepetsa ndi ntchito yanga, yanu ndi kunena."

"Pali kamtsikana ka kalasi yachitatu. Dzuwa lonseli kavala juzi. Ndati vula udumphe chingwe ndi anzako, kakana. Kenaka mnzake wakagwira kumsana moseweretsa, kakuwa ngati kapsa ndi moto. Dzina sindinaligwire, koma anzake akumati Kamanzere."

Cholembera chinandipulumuka n'kugubudukira pansi pa tebulo. Ndinawerama kuchitola kuti asaone nkhope yanga.

"Ameneyo ndimamudziwa," ndinatero. "Ndi wamanyazi, komanso sachedwa kugwidwa chimfine. Musiyeni."

Inde, mawu amenewo anatuluka mkamwa mwa ine ndemwe, Mayi Chitseko. Koma mtsikana uja sanasunthe. Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene sakudziwa za chibale cha wina aliyense, poti pasukulupo anali asanathe ndi mwezi womwe.

"Madamu, tsiku lomwe ndinafika munandiuza nokha kuti mawu oti ndimamudziwa si yankho. Munati tiziona awiri. Ine ndilipo, inu mulipo."

Ndinasowa pothawira. Tinamuitanira mwanayo m'kachipinda komwe timagonekamo ana akadwala. Analowa mwakachetechete, thukuta lili kamukamu pachipumi, manja a juzi atawakokera mpaka kuzala. Madamu Wezulo anagwada kuti afanane naye msinkhu.

"Palibe amene akulange. Tikungofuna tione ngati pali pomwe pakukupweteka. Ukulola?"

Mwanayo sanamuyang'ane iye, anayang'ana ine. Kenaka anatembenuka n'kukweza juzi ndi malaya pang'onopang'ono, akuluma mlomo.

Abale inu, sindifotokoza zonse. Msana wonse unali mizere, ina yakuda yopola kale, ina yotupa yadzulodzulo. Ndinagwira khoma.

"Chinachitika n'chiyani, mwanawe?" Madamu Wezulo anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinagwera pa waya." Anatsitsa juzi msangamsanga, n'kundigwira siketi. "Mayi aang'ono, musakanene kunyumba. Chonde, mayi aang'ono, lonjezani."

Aka kanali koyamba kunditchula choncho pasukulu. Koma lamulo linatuluka lokha monga ndinalizolowerera. Ndinamuuza kuti kulonjeza sindingathe, ndiyenera kuuza anthu amene angamuthandize. Anasiya siketi yanga pomwepo.

Madamu Wezulo anangoti kukamwa yasa. "Madamu, ndi m'bale wanu?"

3

Ahedi athu ndi bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Atamva nkhaniyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Amayi, pankhani iyi mukhale pambali. M'bale sagwira nkhani ya m'bale wake. Lamulo limeneli munabwera nalo ndinu."

Anaimba foni ku ofesi yoona za ana. Dzuwa lisanapendeke kunabwera mayi wina wa ku ofesiyo, wamtali, wosaseka, n'kumutenga Kamanzere kupita naye kuchipatala pamodzi ndi Madamu Wezulo. Ndinaima pakhonde kuyang'ana galimoto ikutuluka pageti. Mwanayo sanacheuke.

Nditalowa m'chipinda cha aphunzitsi ndinapeza aliyense maso ali pa makope omwe ankachonga. Woyamba kulankhula anali mphunzitsi wa kalasi ya mwanayo, mayi wofatsa amene tinakhala limodzi zaka zambiri.

"Anzanga, ine ndinaona kalekale kuti mwana uja satsamira pampando. Amakhala chakutsogolo, ngati akufuna kudzuka."

Mayi osesa, amene anabwera kudzatenga makapu, anaima ndi thireyi m'manja. "Inenso ndinamupezapo kumpopi wa kuzimbudzi akudzithira madzi kumsana, akulira chamumtima."

Ndi mlonda wa pageti yemwe, ataitanidwa ndi ahedi, anavula chipewa n'kunena zake. "Belu lowerukira likalira anzake amathamanga. Iye amatsalira, kumazungulira mtengo wa pageti uja mpaka ndichite kumuuza kuti kazipita."

Ndinamenya tebulo mpaka makapu analira.

"Nonsenu munaona? Nanga pakamwa panu panali chiyani? Ndakuphunzitsani kangati?"

Mphunzitsi wa kalasi uja anandiyang'ana mwachisoni, osakweza mawu.

"Tikananena kwa ndani, anzanga? Zonse zimabwera kwa inu. Ndipo munatiuza nokha kuti za mwana ameneyu tisabwere nazo. Ife timati mukudziwa. Timati munthu ngati inu, amene mumaona bala la mwana wa eni muli kutali, mungalephere kuona la m'nyumba mwanu? Timati mukukonza pachibale."

"Eya, timati mukudziwa," mayi osesa anabwereza.

Ndinakhala pansi.

4

Lamulo likuti usapite kukafunsa amene ukumuganizira. Ndinaliphwanya madzulo omwewo, dzuwa likadalipo. Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti ndi alamu, amuna a achemwali. Iwowa amayendetsa galimoto zazikulu za katundu, ali ndi mawu ngati injini ndi manja otambalala. Ndinkapita kukawauza achemwali kuti atenge ana athawe.

Muyenera kudziwa kuti achemwali amenewa kwa ine ndi mayi. Amayi athu atamwalira ndili wamng'ono, ndi iwo anandilera, kundisambitsa, kundiluka tsitsi, kundikankha mpaka kukoleji. Chaka chapitacho anali atabereka kamnyamata, atapempherera pathupi zaka zambirimbiri, ndipo banja lonse linavina.

Ndinawapeza pabalaza akusita timalaya ta khandalo, lokha litagona pampando. Ahedi anali atawaimbira kale kuti mwana ali kuchipatala ndipo iwo abwere kusukulu m'mawa. Ndinadabwa kuwapeza akusita.

"Achemwali, alamu ali kuti?"

"Ali pa ulendo. Chichokereni mwezi watha. Bwanji?"

Ndinakumbukira mizere yotupa ija, yadzulodzulo. Maso anga anatsika okha kuchokera pankhope pawo, kudzera pa ayironi, mpaka pa chingwe chake chakuda chomwe chinkagwedera m'mbali mwa tebulo.

"Achemwali, msana wa mwana uja..."

"Wauona tsopano?" Sanasiye kusita. "Ine ndimati maso ako sagwira pa iye."

"Ndinu? Achemwali, ndinu?"

Anaimika ayironi n'kundiyang'ana. Nkhope imeneyo sindinaionepo chibadwire.

"Iwe ukudziwa chiyani? Umabwera kuno Lamlungu ndi mabisiketi, n'kumapita. Ine ndi amene ndimakhala naye. Ndikamutuma amandiyang'ana ndi maso akowo. Ndikamukalipira amayankha ndi pakamwa pakopo. Akaweruka, nkhani ndi imodzi: mayi aang'ono anena izi, mayi aang'ono avala izo, ndikadzakula ndidzakhala ngati mayi aang'ono. Ine amene ndinachapa matewera ake ndine ndani? Kale ndinkapirira. Pano ndili ndi wangawanga uyu, mtima sukundilolanso. Dzanja limangopita lokha."

"Ndi mwana, achemwali! Walakwa chiyani?"

"Usandikuwire m'nyumba mwanga, udzutsa khanda." Anatenga kamalaya kena n'kukayala bwinobwino. "Mawa kusukulu ndikanena kuti anagwera pa waya wa kumpanda. Iyenso akunena zomwezo, ndinamuuza kale. Iwe ukakhale chete. Ukakatsegula pakamwa pako, nanenso ndikatsegula panga. Ukundimva? Tione ngati makolo adzakugwadirenso pageti, Mayi Chitseko."

Ndinatuluka osatsanzika. Panjira anthu ankandipatsa moni, ine osawamva.

5

M'mawa mwake tinakumana mu ofesi ya ahedi. Munali ahedi, mayi wa ku ofesi ya za ana uja, achemwali ndi khanda kumsana, alamu amene anabwerera pa ulendo atamva uthenga, ndi ine pakona. Kamanzere anagona m'manja mwa anthu a ku ofesi ya za ana ija, ndipo m'mawawo anabwera naye n'kumusiya ndi Madamu Wezulo mosungira mabuku.

Achemwali analankhula bwino, misozi ili mbwembwembwe. Anati mwanayo ndi wosamva, amakwera mpanda, amagwa, ndipo iwo ndi khanda sangamulondole paliponse. Alamu anangoti zyoli, akupotokola chipewa.

Mayi wa ku ofesi anamvetsera mpaka mapeto.

"Achipatala akuti zimenezi si za kugwa," anatero. "Koma mwana sakutchula munthu. Akungoti waya. M'nyumbamo mumalowa anthu ambiri, antchito, achibale, oyandikana nawo. Popanda wonena zoona, mwina mwanayu abwerera kwa mayi ake, ife tizidzangomuyendera uku tikufufuza."

"Mwana wanga ndimutenga lero," achemwali anatero akupukuta m'maso. "Ngati mukundikayikira, funsani mng'ono wangayu. Si ndiye katswiri wanu? Dzulo anali kwathu. Anene ngati anaona cholakwika."

Mayi uja anatembenukira kwa ine, nsidze zitakwera.

"Munapita kunyumbako? Inu amene mumaphunzitsa anzanu? Chabwino, zimenezo tikamba. Munaonako chiyani?"

Achemwali anandiyang'ana osaphethira. Ndinaganiza za manja amenewo akundiluka tsitsi ndili mwana. Ndinaganiza za dzina langa, za makolo a pageti, za anthu a kutchalitchi. Kungonena kuti sindinaone kanthu, zonse zikanakhala m'malo mwake, ndipo madzulo mwanayo akanalowanso m'nyumba ija.

"Ndi achemwali," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza mokweza. "Ndi achemwali angawa. Amamukwapula ndi chingwe cha ayironi. Andiuza okha dzulo, ndipo anamuuza mwanayo kuti azinena za waya."

Alamu anafuula, "Mayi a mwana, zoona?" Koma achemwali anali ataimirira kale, khanda likulira kumsana.

"Wanena? Chabwino! Ahedi, mayi inu, mumuone bwino katswiri wanuyu. Mwana ameneyu si wanga! Anabereka ndi uyu, ali kukoleji, mwamuna atamuthawa. Anandisiyira ali ndi mchombo wosapola kuti iye akamalize sukulu, azivala bwino, azitchedwa madamu. Ine ndamulerera zaka zonsezi, lero ndine mfiti? Tenga mwana wako! Ndatopa naye, tenga!"

Ndinaona ahedi akuyang'ana kumbuyo kwanga, nkhope itagwa. Ndinacheuka.

Chitseko cha ofesi chinali chotsegula, njerwa yanga ili pamalo pake. Palibe amene anaganiza zoichotsa, poti ndinawazoloweza ndine. Pakhonde panaima Madamu Wezulo, amene ankamuperekeza mwana kukamwa madzi kumpopi. Kamanzere anali pambali pake, kapu ili m'dzanja lamanzere, akutiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

6

Zimene ananena achemwali ndi zoona, sinditsutsa ngakhale liwu limodzi.

Ndinali chaka chomaliza kukoleji ya uphunzitsi pamene ndinapezeka ndi pathupi. Mwamunayo atamva anazimitsa foni, mpaka lero sindidziwa komwe ali. Ndinalira pamiyendo pa achemwali. Iwo nthawi imeneyo anali atakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, akuchimuna akuwanena mpaka kuwaloza ndi milomo. Anandipukuta misozi n'kunena kuti, "Vuto lako ndi langa zithetsana."

Alamu anavomera. Tinapita kutali komwe kunalibe wotidziwa, achemwali akuuza anthu kuti ndi oyembekezera ndipo adokotala awauza kuti akapume. Pobwerera, mwana anali kumsana kwa achemwali, ine ndikunyamula zikwama, mabere akuwawa, nditawamanga ndi nsalu. Tinapangana kuti nkhaniyi tidzafa nayo.

Ndiye mwanayo atabwera kudzayamba sukulu pomwe ndimaphunzitsa, ndinachita mantha. Ndinkaopa kuti ndikamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yanga indiulula. Ndinkaopa kuti wina atiika pamodzi n'kuona maso, n'kuona dzanja, n'kuyamba kuwerengera zaka. Choncho ndinadziphunzitsa kusamuona. Ana a eni mazanamazana ndinkawaona mpaka chikhadabo, wanga ndinkamudutsa ngati mzati wa pakhonde.

Zotsatira zake sizinachedwe. Nkhani ya achemwali inapita kwa oweruza, ndipo mpaka lero sitilankhulana. Tikakumana kumaliro a pachibale amakhala mbali ina, ine ina. Achibale ena amati ndinachita bwino, ambiri amati ndinagulitsa munthu amene anandilera. Udindo uja ahedi anandichotsa, ndipo sindinadandaule. Anaupereka kwa aphunzitsi awiri, kuti nkhani ikakhudza mmodzi, pakhale wina wouzidwa. Mmodzi mwa iwo ndi Madamu Wezulo.

Akuofesi ya za ana sanandipatse mwanayo msanga. Anakhala kaye kumalo osungirako ana, ine ndikupita kukamuona, akuofesi akubwera kudzaona nyumba yanga, kundifunsa mafunso omwewo amene ndinkafunsa makolo a eni. Mayi wamtali uja anandiuza mosabisa kuti, "Kubereka sikukupatsani mwanayu. Tikufuna tione ngati mungamuone." Pomaliza analola.

7

Pano tikukhala awiri. Msana unapola, kwatsala timizere tochepa. Amadya bwino, amagona bwino, kusukulu akukhoza. Juzi amavala kukazizira basi. Koma chibwerereni m'nyumba mwanga sananditchulepo dzina lililonse. Sanena kuti amayi, sanena kuti mayi aang'ono, ngakhale aphunzitsi. Akafuna kanthu amaima pafupi n'kutsokomola, kapena kugogoda patebulo ndi chala.

Loweruka lina masana ndinkamuluka tsitsi pakhonde, iye atakhala pansi pakati pa miyendo yanga. Kenaka analankhula, osatembenuka.

"Nthawi ija ndinkakupatsani moni pasukulu, munkadziwa kuti munandibereka ndinu?"

"Inde, mwananga. Ndinkadziwa."

Anayamba kusewera ndi chipeso.

"Pamzere wa m'mawa munkanena kuti mwana aliyense amene wina akumupweteka abwere ku ofesi kwanu. Munkati aliyense."

"Ndinkatero."

"Ine ndinabwera."

Manja anga anaima m'tsitsi mwake.

"Liti, mwananga?"

"Tsiku lina kukugwa mvula. Ndinadikira anzanga onse atuluke. Ndinaima pakhomo panu n'kunena kuti ndili ndi mawu. Inu munkalemba. Munati, za kunyumba tikakamba kunyumba, thamanga ukalowe m'kalasi."

Kalanga ine! Ndinakumbukira. Ndinakumbukira mvula ija, ndi kamthunzi kataima pakhomo, ndi mmene ndinakanikizira cholembera papepala kuti ndisadzutse mutu. Ndinafuna kunena kuti pepa, koma liwulo linandichepera mkamwa. Misozi inagwera m'tsitsi lomwe ndinkalukalo.

"Musalire," anatero. "Malizani, mzere uwu wapotoka."

Ndinaumasula n'kuyambiranso.

Owerenga anzanga, makamaka inu aphunzitsi, inu osesa, inu alonda a pageti, ndi inu oyandikana nyumba: mukaona mwana wasintha kakhalidwe, musadzinyenge kuti amene ali naye pafupi akudziwa kale. Kawirikawiri wapafupiyo ndi amene ali ndi chifukwa chosaonera. Kaya ndi mwana wa ahedi, kaya wa abusa, kaya wa mayi wolusa ngati ine, nenani. Woyamba akakubwezani, pitani kwa wachiwiri. Manyazi a kulakwitsa amatha pa sabata, koma zimene ndikusenza inezi sizitsika pamutu.

Ndipo inu amene muli ndi chinsinsi chomwe mukuchisamala kuposa mwana, dziwani kuti mwanayo ndi amene akuchilipira ndi thupi lake. Changa chinaululika, dziko silinathe, makolo ena amandipatsabe moni pageti. Chimene sichikutha ndi mvula. Ikangoyamba kugwa pa malata, ngakhale ndili pakati pa phunziro, ndimasiya choko n'kuyang'ana pakhomo. Ndimadziwa kuti palibe munthu, koma ndimadzutsabe mutu.